Lamba Wopita ku Balaka

Swords, Dublin
12 February 2006

Amake Vivian,

Ndikhulupirira muli bwino nonse kumeneko, inuyo, Vivian ndi bambo. Ine kuno ndilipo, kungoti chimfine sichikundisiya. Dzuwa la kuno limatuluka kudzaonetsa nkhope basi, za kutentha silidziwa.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, ndipo katatu konse mutu wanga waima. Bambo apezekanso pa njanji? Mukuti amayi ochokera ku chigayo ndi amene anawapeza atagwada pakati pa njanji kufupi ndi mlatho, akugogoda mabawuti ndi mwala, sitima ya katundu itatsala pang'ono kudutsa. Clementina, kodi sitimayo ikudziwa kuti a Ambrosio anaigwirira ntchito zaka 30? Munakhoma chitseko, iwo anatulukira pawindo. Munabisa nsapato, anapita osavala nsapato. Nanga achemwali anga a Eleanor ku Ndirande akuti bwanji? Musavutike kundiuza, ndikudziwa kale, akuti tipemphere. Kupemphera tikupemphera, koma Mulungu sanaletse munthu kukwera minibasi kukaona bambo ake.

Anthu amene ayamba kunong'ona kuti bambo amalawirira kuthengo chifukwa cha ufiti, asiyeni. Ndi matenda a ukalamba amenewa, mutu umabwerera kumbuyo, munthu nkumaona ngati akadali pantchito. Kuno ndimasamalira anthu otere 40, azungu enieni, ndipo sindinaonepo lichero pansi pa bedi la aliyense.

Chimene chikundipweteka n'chakuti kunyumba ya okalamba kumene ndikugwira ntchitoku, vuto limeneli tinalithetsa kalekale. Nkhalamba ikayamba kuyendayenda timaikhazika pampando nkuimanga lamba m'chiuno, chomangira chake chili kumbuyo kwa mpando kumene dzanja silifika. Pabedi timakweza zitsulo mbali zonse ziwiri. Munthu sagwa, sasochera, ife ntchito nkumayenda.

Koma chionetsereni pa TV chaka chatha mmene nyumba ina imazunzira okalamba, eni ake a nyumba yathu agwidwa ndi mantha. Atibweretsera ametironi atsopano, a Mrs Devane, mayi wamfupi woyenda ngati basi ikumusiya. Sabata yoyamba yomweyo anaima pakati pa chipinda chochezera, nkuloza nkhalamba zili ndandanda m'mipando, nkufunsa kuti, "Anthu awa analakwa chiyani?" Akuti pofika Isitala sakufuna kuonanso lamba ngakhale mmodzi. Tangoganizani, anthu atatu pa shifiti, nkhalamba 40 zili dzandidzandi m'makonde! Nzeru za mu ofesi zimenezi. Munthu akagwa sadzamudzutsa ndi iwo, tidzamudzutsa ndife, ndi misana yathuyi.

Ndatumiza kangachepe Lachisanu. Muyambe ndi chimanga musanaganize china chilichonse, ndamva kuti mtengo wake wapenga chaka chino. Za ku koleji kuno musandifunse panopa.

Ine wanu,
Overstone

19 March 2006

Amake Vivian,

Moni nonse. Chimfine chija chachoka, chasiya chifuwa. Ndakondwa kumva kuti Vivian wakhoza masamu, mumuuze kuti anatengera bambo ake.

Tamverani tsono. Zimene ndinakuuzani zija zachitika. Lolemba ametironi anayenda chipinda ndi chipinda atanyamula chijumbo chakuda, nkumatolera malamba onse. Malamba abwinobwino, ansalu yolimba ngati a m'galimoto, ena osagwiritsidwapo ntchito nkomwe, akuti akatayidwe. Dziko lino ndalama zawazunguza mutu. Tsiku lina ndinaona sofa yathunthu ili panja pamvula, eni ake angotopa ndi mtundu wake. Ndiye ine pokataya chijumbocho ndinaima pa bini, nkuganiza za bambo ali pa mlatho, ndinangosolola lamba mmodzi nkuponya m'chikwama. Kumeneko si kuba, ndi kutola.

A Mapopa, anzanga amene timachita nawo lendi nyumba imodzi, amene amagwira ntchito ku eyapoti aja, akubwera kumudzi sabata ya mawa ku ukwati wa mng'ono wawo. Pochoka ku Blantyre kupita ku Rumphi adzaima pa Chingeni. Mukawadikire pamenepo Lachinayi, adzakupatsani kaphukusi. Muli mafuta odzola anu, juzi ya Vivian, ndi lambayo.

Kamangidwe kake n'kosavuta. Mutenge mpando wathabwa uja wokhala ndi potsamira, muuike pakhonde pamthunzi. Bambo akangodzuka m'mawa, akasamba nkudya phala, muwakhazike pamenepo. Lamba adutse m'chiuno, chomangira chikhale kumbuyo, mudzamva kuti kha. Muziwamasula popita kuchimbudzi ndi pokagona basi. Masiku awiri oyamba adzavuta, adzatukwana, musachite nazo mantha, onse amatero. Kenaka amazolowera.

Bambo mumawadziwa, mawu apakamwa samva, koma pepala amaliopa. Moyo wawo wonse anayendera mapepala ochokera ku ofesi ya ku Limbe, moti ngakhale khadi la ubatizo amaligwira ndi manja awiri. Ndiye ndalemba kapepala ndi zilembo zikuluzikulu, ndasainira pansi. Ndalemba kuti, "Bambo, khalani pampando. Musadzuke mpaka nditanena ine. Overstone." Akayamba kuvuta muziwaonetsa kameneko.

Kuntchito ndiye kuli chipwirikiti. Tili ndi mkulu wina, a Christy Monks, wa zaka 84, amene ankalima tomato m'nyumba zamagalasi cha ku Rush uku. Amenewa anali a lamba tsiku lonse, chifukwa ikangokwana 4 koloko amafuna kunyamuka, nkumakuwa ngati ng'ombe. Tsopano ndi mfulu. Dzulo ndinawapeza m'khitchini atakangamira windo, miyendo ikunjenjemera, mphika wa supu ukuwira pambali pawo. Ndinakauza ametironi. Anangoti, "Afika okha kukhitchini? Zabwino zimenezo." Ine ndinatuluka kukamwa madzi kuti ndingayankhe zondichotsetsa ntchito.

Mundipatsire moni kwa onse a ku mphakati.

Overstone

7 May 2006

Amake Vivian,

Ndili bwino, kaya inu. Kuno mitengo yaphuka, azungu ayamba kuyenda ndi makabudula pomwe ine ndikadali m'majuzi awiri.

Mwaona tsono? Mukuti bambo analimbana ndi lamba masiku awiri, mpaka kugwetsa mpando, koma mutawapatsa kapepala kaja anawerenga, nkukapinda, nkukaika m'thumba la shati, nkukhala phee. Mwezi wathunthu osapita ku njanji. Tsopano mukupita kumsika kukagulitsa kaunjika wanu mtima uli m'malo. Ndikamanena chinthu muzimva, ntchito imeneyi ndimaidziwa. Anthu amene akubwera kudzaona lamba wa ku Ulaya musawabwereke, sabweza amenewo.

Kuno zimene ndinkanena zachitika. A Christy agwa. Lachiwiri, 4 koloko yomweyo, pa shifiti yanga. Ndinali m'chipinda china ndikusintha mayi wina, ndinangomva kuti khu! Kuthamanga, ndipeza mkulu ali gada pakhonde, chipumi chang'ambika, magazi pa kapeti. Anawasoka masitichi asanu. Ine fomu ya masamba anayi, ngati ndikufunsira ntchito ku banki.

Madzulo ake kunabwera mwana wawo, a Bernie, amene amagulitsa nyumba ku Dublin kuno ndipo amayendera galimoto lalikulu ngati ambulansi. Anakuwa mpaka nkhalamba zogontha zinatembenuka. "Timalipira 900 euro pa sabata kuti bambo anga azigwa? Abwezereni lamba lero!" Mumtima ndinati nenani mayi, ine pakamwa panga m'pomangidwa.

Ametironi sanatekeseke. Anawakhazika pansi a Bernie, nkundiitana ine, nkundifunsa mafunso atatu. Inali nthawi yanji? Amapita kuti? Anavala chiyani kuphazi? Loyamba ndinayankha. Lachiwiri ndinati munthu wosokonezeka mutu sapita kulikonse, amangoyenda. A Bernie ndi amene anayankha, mawu atatsika, kuti 4 koloko ndi nthawi imene bambo awo ankatseka mawindo a nyumba za tomato kuti mphepo ya kunyanja isalowe, zaka 50 osaphonya. Lachitatu ndiye linandigwetsa ulesi. A Christy anali atavala masilipasi a mkulu wina, aakulu ngati mabwato, ndipo amene anawaveka m'mawa umenewo ndine. Ochapa amasakaniza zinthu, ine ndili ndi manja awiri okha.

Mukuganiza kuti lamba anabwerera? Ayi ndithu. Agula nsapato zomanga ndi zingwe, bedi lawo alitsitsa mpaka kutsala pang'ono kukhudza pansi, ndipo alemba pa bolodi kuti tsiku lililonse 4 koloko Overstone aziyenda ndi a Christy kokatseka mawindo. Ine, mphunzitsi wa Sitandade 8 wa satifiketi yake, ndinakwera ndege ziwiri kudzaperekeza nkhalamba kokatseka mawindo. Anzanga a kunyumba akuseka mpaka misozi.

Ku koleji, kumene kunandipezetsa chilolezo chokhalira kuno, andilembera kalata yoti sindikuonekaoneka m'kalasi, ndipo mwezi wa mawa ndi wokadinditsa pasipoti ku imigireshoni. Ndiona mmene ndichitire. Mbewu ya mtedza musagulitse yonse ngati chaka chatha.

Wanu,
Overstone

2 July 2006

Amake Vivian,

Moni. Ndikuyembekeza kuti chisanu sichikukuvutani kwambiri. Bambo muziwafunditsa bulangete lofiira lija. Ine ndili bwino. Za pasipoti zinatheka, koma andipatsa miyezi yochepa, tidzakamba.

Munafunsa za nkhalamba yanga ya mawindo, mukuti Vivian amaseka mukamuwerengera. Ikadalipo, ndipo ikundithetsa mphamvu. Poyamba tinkayenda masitepe khumi, iwo atandikangamira mkono mpaka zala kudinda, kenaka nkukhala pansi ali wefuwefu. Lero tikumaliza khonde lonse, kutuluka panja, kuzungulira bwalo. Windo lililonse limene tadutsa amatseka, ngakhale kukutentha bwanji, ndipo amayi a m'chipinda chochezera amatitukwana tonse awiri. Tikangodutsa ine ndimabwerera kukatsegula. Imeneyo ndiye ntchito ya mwamuna wanu.

Ametironi awonjezera zina. Agula mbande za tomato zisanu ndi imodzi, zili m'matumba kukhoma kwa bwalo. Munthu amene sakumbukira ngati wadya, amene amaitana mwana wake ndi dzina la malemu mkazi wake, akafika pa tomato amasanduka kapitawo. Dzana anandimenya padzanja chifukwa ndinasiya timphukira ta m'khwapa mwa tomato osachotsa. Akuti, "Stoney, kwanu simulima?" Dzina langa linawakanika, ndine Stoney tsopano. Ndinati kwathu timalima kuposa kuno, ndipo popanda magalasi. Anandiyang'ana nkunena kuti ndine wabodza.

Sindikuti mayi uja akulondola pa zonse. Ntchito yachuluka, anthu sanawonjezere, mwezi uno kwagwa anthu awiri, ndipo ine msana ukundipweteka kuposa kale. Koma chilungamo ndinene. A Christy asiya kukuwa. Asiya kuvala thewera masana, amapita okha kuchimbudzi. Mankhwala ogonetsa aja adokotala awachotsa. Chilonda chimene chinali kumatako kwawo chichokereni chaka chatha, chimene tinkatsuka tsiku ndi tsiku nkumati ndi ukalamba, chapola.

Chimenechi ndiye chandikumbutsa. Kumapeto kwa kalata yanu, mutamaliza za mbuzi ndi za denga, mwangoponyapo mzere umodzi woti bambo atuluka kachilonda kumatako ndipo mapazi atupa. Nkhani yotere mukuiika kumapeto, pambuyo pa mbuzi? Kachilonda kotani, kakakulu bwanji, kakutuluka madzi? Kodi pampandopo akumakhala maola angati? Ine ndinati muziwamanga mukamachoka pakhomo, osati tsiku lonse ngati mbuzi ya pachingwe. Nzeru zina muziwonjezera nokha, Clementina, si zonse zoti ndichite kulemba kuchokera kuno. Madzulo muziwamasula, muziyenda nawo pang'ono, ngakhale kufika pa mjigo nkubwerera. Pachilondapo muzitsuka ndi madzi owiritsa othira mchere pang'ono, ndipo akamagona azigonera chammbali. Mukawaonetse kuchipatala sabata ino.

Mundiyankhe msanga.

Overstone

20 August 2006

Amake Vivian,

Ndili moyo. Kalata yanu yafika, ndipo moni wake ndamufufuza mpaka kuseri kwa pepala, sindinamupeze.

Mwachita kukopera mawu anga a mu March, nkuwadula mzere kunsi kawiri: "Muziwamasula popita kuchimbudzi ndi pokagona basi." Chabwino, ndinalemba ndine. Simunafunike kudula mzere mpaka kuboola pepala. Kenaka mukuti, "Inu kumeneko amakulipirani kuti muziyenda ndi bambo a eni ake. Ine ndikamayenda ndi apongozi, kaunjika agulitse ndani, madzi atunge ndani? Ndipo munaona kuti mkazi akuyenda pamsewu atagwira apongozi ake aamuna pamkono? Kuwasambitsa kokha ndimachita kudikira anzawo aja a Cornelio, anthu akadandinena kale."

Nditawerenga ndinapsa mtima. Ndinalemba masamba awiri okuuzani mmene ndimadzukira mdima uli bii kukadikira basi pamvula, mmene ndimapukutira anthu akuluakulu kuti inu mudye. Ndinawang'amba. Zonsezo n'zoona, koma zanunso n'zoona, ndipo amene ali ndi bambo pakhonde ndinu.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira Lachitatu. Ametironi anatiitana antchito tonse ku maphunziro. Ine ndimati ndi zolankhula zawo zija, ndinakhala kumbuyo kuti ndiwodzere. Anatulutsa lamba mmodzi amene anasunga mu ofesi, nkunena kuti aliyense akhale womangidwa pampando kwa mphindi 40, enafe tizipitiriza ntchito ngati palibe munthu. Anayamba ndi ine, poti amadziwa kuti wotsutsa wamkulu ndine.

Ndinakhala ndikuseka. Nesi wina wa ku Philippines anandimanga, ndinamva kuti kha kumbuyo. Anandiikira tiyi patebulo, patali pang'ono, pongopitirira pamene dzanja limafika. Mphindi khumi zoyamba zinali zamasewera. Kenaka thako linayamba dzanzi. Ndinafuna kusuntha, lamba anakana. Ndinaitana mnzanga wina kuti andisunthire tiyi, anati "ndikubwera" osandiyang'ana nkomwe, ndendende mmene ndimayankhira ine. Sanabwere. Anthu awiri anaima pamutu panga nkumakambirana za holide ku Spain. Kenaka mkodzo unandigwira. Clementina, sindikudziwa kuti zinayamba bwanji, ndinangozindikira ndikukoka lambayo ndi manja awiri, ndikutukwana m'Chichewa mawu amene sindingalembe pano.

Ametironi anabwera nkuyang'ana wotchi. "Mphindi 22, Overstone. A Christy anakhala zaka ziwiri." Anzanga anaseka. Ine sindinaseke, ndinkawerenga miyezi kuchokera mu March. Ndinapita kuchimbudzi nkukhalako nthawi yaitali kuposa imene mkodzo umafuna.

Tsono chitani izi, ndapota nanu. Lambayo mumuchotse tsiku limene kalatayi ifike. Mupite kwa a Cornelio, anagwira limodzi ntchito ya njanji ndi bambo, amadziwa nthawi ya sitima kuposa wotchi. Muwapemphe kuti m'mawa uliwonse azibwera kudzawatenga, aziyenda nawo m'kanjira ka m'mbali mwa njanji. Bambo akafuna kugogoda mabawuti, agogode, a Cornelio ali pomwepo. Tiziwapatsa kenakake pamwezi, asachite manyazi, ndi ntchito imeneyo. Simenti ya nyumba imene tikumanga ija iyambe yaima, nyumba sithawa.

Ndipo inuyo mundikhululukire za mbuzi ya pachingwe zija.

Overstone

1 October 2006

Amake Vivian,

Moni, ngati moni wanga mukumulandirabe. Masabata asanu ndi limodzi opanda kalata. Tsiku lililonse ndimafika kunyumba nkusanthula mapepala a pakhomo, ndimangopeza otsatsa pitsa ndi a mabanki ofuna kundikongoza ndalama zogulira nyumba. Ndaimba kawiri ku telefoni ya pa gulosale, akuti simunabwere kumsika. Mukudwala? Mwakwiya? Ngati mwakwiya lembani kalata yotukwana, ndiilandira ndi manja awiri.

Lamlungu ndinaimbira a Eleanor. Akuti anafika kumeneko, patatha chaka chathunthu, aleluya. Khadi langa lonse la foni linathera kumva mmene ine ndinathawira udindo. Koma pakati pa zonsezo ananena chinthu chimodzi chimene chikundisowetsa tulo. Akuti bambo akumachita kunyamulidwa ndi anthu awiri popita kuchimbudzi. Ndinafunsa kuti lamba anachotsedwa kodi, foni nkuduka. Clementina, munthu amene mu February ankatulukira pawindo akunyamulidwa? Kalata yanga ya mu August inafika kapena ayi? A Cornelio anavomera?

Kuno a Christy akolola tomato. Anatuluka asanu ndi atatu, ang'onoang'ono, owawasa, koma chikondwerero chake ngati akolola ngolo. A Bernie anabwera, anapeza bambo awo ataima okha pabwalo akukalipira mbewu, anangogwira pakamwa nkuyamba kulira. Pochoka anandipatsa bokosi la chokoleti. Anandifunsa ngati bambo anga ali moyo. Ndinati alipo. Anati, "Ali ndi mwayi kukhala ndi mwana ngati inu, Stoney." Ndinangoti grand, kutanthauza kuti chabwino, mmene amayankhira kuno. Chokoleticho ndinapatsa a Mapopa, sindikanatha kuchimeza.

Lembani, chonde.

Overstone

5 November 2006

Clementina mkazi wanga,

Kalata yanu yafika Lachinayi. Pepani ndi malungo, sindinadziwe kuti munagona masabata awiri, ine nkumakunenani kuno. Mumalize mankhwala onse ngakhale mukumva bwino. Ine thupi lili bwino.

Ndawerenga zonse. Mukuti lamba munamuchotsa tsiku lomwelo kalata itafika, munamudula ndi chikwanje nkumuponya m'chimbudzi. Mukuti a Cornelio anabwera m'mawa mwake atavala chipewa chawo chakale cha kuntchito, nkunena kuti, "Ambrosio, tiyeni, njanji ikudikira." Ndipo bambo anapisa m'thumba la shati, nkutulutsa kapepala kanga kaja, katatha m'mopinda, nkuwaonetsa a Cornelio, nkunena kuti, "Mwana sananene." Munawauza kuti ndanena, ndalemba m'kalata yanu. Anati kalata ya amayi si pepala lawo. Miyezi iwiri tsopano akukhala pampando womwewo popanda chowamanga, manja ali pamaondo, akudikira ine.

Tsiku lija mu October, nditaimba pa foni ya aphunzitsi oyandikana nafe aja, inu nkuwapititsira bambo pakhonde, ine nkumakuwa kuno kuti bambo dzukani, ndinamva ndekha akukufunsani kuti wailesiyi ikuti chiyani. Ndinkaganiza kuti ndi kugontha chabe. Sindinadziwe kuti nkhani ndi pepala.

Ndakwiyira a Eleanor, ndakwiyira inu, ndakwiyira ametironi chaka chathunthu, mpaka positi ofesi ndaikwiyira. Lero ndasowa womukwiyira. Lamba ndinatola ndine pa bini, anthu odziwa atamutaya. Pepala ndinalemba ndine, ndipo ndinalilemba mochenjera, podziwa bwino lomwe chimene bambo anga sangachikane. Inu munangochita zimene ananena mwamuna wanu wodziwa ntchito. Ndikuchita manyazi, Clementina, ndipo ndikuopa.

Lachisanu ndinalowa mu ofesi ya a Mrs Devane nkuwauza zonse, kuyambira pa chijumbo chakuda. Ndimayembekeza kuti andikalipira, mwina kundichotsa ntchito, ndipo mwina zikanandipepukira. M'malo mwake anaimbira mayi amene amaphunzitsa okalamba athu kuyenda, nkumuuza kuti andionetse zonse pa ola langa lopuma. Mayiyo sanandinamize. Akuti pa msinkhu wa bambo, miyezi isanu ndi iwiri pampando ndi yambiri, miyendo mwina ibwerera, mwina ayi. Koma akuti muyese motere.

Musawakoke manja. Asunthire kutsogolo kwa mpando, mapazi onse awiri aponde pansi bwinobwino, atavala nsapato zawo zomanga zija munabisa. A Cornelio mbali ino, munthu wina wamphamvu mbali inayo, manja kumsana, osati m'khwapa. Aweramire kutsogolo, muwerenge mpaka katatu, anyamuke. Tsiku loyamba angoima basi, ngakhale kwa kanthawi kochepa, nkukhalanso. M'mawa, masana, madzulo. Sitepe idzabwera pambuyo. Akalephera musawauze kuti alephera, ndipo a Eleanor akakhalapo asayambe kulira pamaso pawo.

Mukufunsa ngati ndingabwere pa Khirisimasi. Ndikatuluka dziko lino panopa, mmene mapepala anga alilimu, sindikudziwa ngati angandilolenso kulowa. Sindinaganize chochita. Musawalonjeze kanthu bambo.

Kapepala kakale kaja musawalande mokakamiza. Muwapatse aka kali m'munsika, ndakalemba ndi cholembera chomwe chija, zilembo zomwezo, ndasaina chimodzimodzi. Mudule ndi sizasi potsata mzere, mukaike mu envelopu, mulembe dzina lawo lonse pamwamba. Apereke ndi a Cornelio, ataima, chipewa chili kumutu. Awerenge okha. Akapanda kudzuka, mawa muwapatsenso.

Ine mwamuna wanu,
Overstone

BAMBO AMBROSIO,
PEPALA LOYAMBA LIJA LATHA NTCHITO. NDINALAKWITSA NDINE, INU SIMUNALAKWE KANTHU.
TSOPANO NDANENA. DZUKANI.
PITANI NDI A CORNELIO MUKAONE NJANJI.
MWANA WANU,
OVERSTONE